Mauna a ku Namileme ndi Njerwa za Amayi Anu

Ndisanayambe, nditchule kaye mboni zanga, chifukwa ndikudziwa kuti inu ana anga, Esinati ndi Pawulo, munakula mukuuzidwa kuti bambo anu akati kwacha muzituluka kaye panja kukaona dzuwa. Mboni yoyamba ndi a Saidi Mbwana, amene anandiphunzitsa ntchito. Anamwalira, koma anali munthu wosanama. Yachiwiri ndi bwana wanga a Matola. Nawonso anatsikira kuli chete. Yachitatu ndi malume anu a Kasiyano, amene ali moyo koma sayankhula nane. Yachinayi ndi amayi anu a Velonika, amene anaona zonse, ngakhale mukawafunsa akuuzani kuti mpunga wapsa. Yotsiriza ndi bondo langa lakumanzere, limene aliyense wokayika angabwere kuno kwa Kawinga kudzaligwira. Munthu wokhala ndi mboni zotere sanganame.

Chaka chimene ndinalembedwa ntchito

Za ubwana wanga ndazidumpha. Munali matekenya ndi katekisimu, basi. Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Machinga Boma, kumene achikulire ankatchulabe kuti Kasupe, ku kabungwe kena kosamalira malo akale. Dzina lake sinditchula poti kanasintha maina kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse kakasintha dzina chinthu chimodzi chinkasowa: poyamba galimoto, kenako njinga, pomaliza mpando wa alendo. Ine anandipatsa chikwakwa kuti ndizitchetcha udzu pamanda ena akale. Anthu a m'manda amenewo ndiwo mabwana abwino koposa amene ndinawagwirirapo ntchito. Sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi.

Bwana wamoyo anali a Matola, munthu wa tayi, woopa zinthu ziwiri, fumbi ndi mdima. Tsiku lina anandiitana mu ofesi.

"Damiyano, taima apo pachitseko."

Ndinaima.

"Mutu wako wangopitirira loko pang'ono," anatero akugwedeza mutu mokhutira. "Wakwezedwa pantchito. Ukupita ku Balaka, kukagwira ntchito pansi pa nthaka. Amene tinatumizako anali wamtali, wabwerako mutu uli zitupsa zokhazokha."

Umu ndi mmene kufupika kwanga, kumene kunandimanitsa atsikana kwa Kawinga, kunandipezera udindo.

Chaka chimene ndinafika ku Namileme

Namileme inu mukukudziwa, koma ndilembe chifukwa cha adzukulu amene adzakulire m'tauni. Ndi kaphiri ka miyala yotuwa, kuseri kwa Phalula, kobooka m'kati. Kale, nthawi yogwira akapolo, anthu ankabisala m'mapanga ake. Pambuyo pake kunabwera azungu ofuna miyala ya mtengo wapatali. Anakumba tinjira tolumikiza mapangawo, nachirikiza denga ndi mizati ya tsanya, mtengo umene chiswe chimangoununkhiza n'kubwerera. Miyalayo sanaipeze, anapita. Malowo anatsalira mileme, ndipo anthu anawatcha ku Mauna.

Ndinapezako mlonda, a Saidi Mbwana, nkhalamba imene inagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni. Tsiku loyamba sanandifunse za sukulu. Anandipatsa chitsulo chachitali ngati ndodo n'kundilowetsa m'kati.

"Che Damiyano, gogodani m'mwambamo."

Ndinagogoda. Denga linalira ngwe, ngati belu la kumishoni.

"Limenelo lili bwino. Mukadzamva likulira phu, ngati dzungu loola, musadzalifunse kawiri. Walahi, denga silibwereza mawu. Anzanga atatu ku Joni anafuna kumvetsetsa."

Ntchito yanga inali iwiri: kugogoda denga m'mawa uliwonse, ndi kutsogolera alendo. Kunkabwera ana asukulu, masisitere, ndi azungu a makabudula. Tinkalowera pa Khomo, n'kudutsa kanjira kopapatiza kotchedwa Khosi, n'kutulukira m'phanga lalikulu limene tinkati Tchalitchi. Kuseri kwake kunali kanjira ka denga lotsika kotchedwa Kwa Apongozi, poti aliyense, ngakhale bwana wamkulu, ankadutsapo chogwada. Tikafika mu Tchalitchi ndinkazimitsa nyali kuti alendo alawe mdima weniweni. Mdima wa mmenemo ndi wolemera. Mzungu wina anautengako m'thumba la malaya osadziwa, atakafika ku Liwonde n'kupisa dzanja, m'sitolo monse munada bii. Ndinkawauzanso za mbuzi ya a Saidi imene inalowa Kwa Apongozi n'kukatulukira ku Nayuchi ili ndi ana awiri. Anthu ankaseka, koma mbuziyo ndinaiona ndi maso angawa, ndipo mphezi indiwombe ngati ndawonjezapo mwana mmodzi.

Zosowa zinali chakudya chathu. Chipewa cholimba chinali chimodzi, ndiye ndinkachiveka mlendo wamtali koposa, enawo ndinkawapereka kwa Mulungu. Mabatire a tochi ndinkawayanika padzuwa ngati makaka kuti atsitsimuke. Atatheratu ndinayamba koloboyi. Palafini atasowa, alendo ankangogwirana malaya pamzere mumdima, ine kutsogolo ndikuwafotokozera zimene akanaona. Sisitere wina anandiuza kuti ulendo umenewo unali wokongola kuposa wa chaka chimene kunali nyali. Ndikalembera a Matola kupempha palafini ankayankha kuti malo akale amayenera kukhala ngati kale.

Amayi anu ndinawapeza patsinde pa phiri akugulitsa zitumbuwa kwa alendo anga. Ndinalowa chikamwini m'mudzi mwawo. Malume anu a Kasiyano, eni mbumba, anandilozera munda ndi malo omangapo. Ndinalonjeza amayi anu nyumba ya njerwa zootcha, ndipo lonjezolo linakula limodzi ndi inu. Esinati unakwatiwa lili lonjezo. Koma chilimwe china ndinaumba ndithu njerwa, ine ndi amayi anu awiriwiri, iwo kutunga madzi ine kuponda dothi, ndipo tinaziotcha. Zinapsa bwino, zofiira ngati chitedze. Amayi anu ankati akamapita kumadzi amadzera kuuvuni kukangozisisita.

Zaka zimene feteleza anakwera mtengo

A Saidi anali atamwalira pamene feteleza anafika poti munthu wamba amangomuonera pa wailesi. Minda ya kwathu kuja inali itatopa. Ndi a Kasiyano amene anayamba. Analowa ku Mauna ndi khasu, nakumba zitosi za mileme zimene zinaunjikana pansi kuyambira nthawi ya makolo, nakathira m'munda mwawo. Chaka chimenecho chimanga chawo anakolola atakwera pamakwerero. Mboni zanga mwazimva. Chaka chotsatira mudzi wonse unali m'kati. Chitseko cha pa Khomo chinali chitabedwa kalekale, ndipo kunena zoona sindinaone choipa. Ndinkadya nawo chimangacho. Tinangogwirizana kuti okumba azilowa m'mamawa, alendo masana.

Anakumba zaka zingapo. Pansi pa Tchalitchi panatsika mpaka ine wamfupi sindinkafikiranso denga ndi chitsulo popanda kukwera pamwala. Zitosi zabwino kwambiri, zakuda ndi zonona, zinali m'tsinde mwa mizati, ndiye anthu ankakumba momwemo. M'mawa wina ndinawalitsa nyali n'kuona mizati ingapo ikulendewera m'malere, yosaponda pansi, ngati miyendo ya anthu okhala kumbuyo kwa matola. Ndinakwera pamwala n'kugogoda.

Phu.

A Saidi anati ndisadzafunse kawiri. Ndinafunsa. Linabwereza phu, ndipo kafumbi kanandigwera m'maso. Nditapukuta m'maso ndinaona amene ankakumba pansi pa malo omwewo: amayi anu, ndi iwe Esinati, mwana wako Tiyamike ali kumbuyo kwako, kamutu kake kakugwedezeka khasu lililonse.

Ndinapita kaye kwa a Kasiyano.

"Alamu, denga la Tchalitchi likudwala. Anthu aleke kulowa."

"Likudwala chiyani, malungo?"

"Likulira phu."

"Alamu," anatero akusenda chimanga, osandiyang'ana, "denga limenelo linaona ogwira akapolo, silinagwe. Linaona azungu ndi zophulitsa zawo, silinagwe. Ndiye lakhala likudikira Kasiyano? Njala tikuiona ndi maso tonsefe. Phu wanuyo mukumumva nokha. Komanso inu si uja wa mbuzi ya ku Nayuchi?"

Amayi anu anandimvera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Bambo a Esinati, ndikasiya ine anzanga sasiya. Tifa ndi njala tokha m'mudzi wokhuta?"

Ndinakwera minibasi mpaka ku Machinga Boma. A Matola anali atakalamba, tayi ili yomwe ija.

"Lagwa?" anafunsa.

"Iyayi, bwana."

"Wafa munthu?"

"Iyayi, bwana."

"Nanga ndikauze akuluakulu kuti chiyani? Kuti Damiyano wamva kaphokoso? Simenti kulibe, mizati kulibe, woyeza kulibe. Ndipo malo amene akubwera alendo ndi akowo okha. Ukawatseka, ine ndi iwe tikhala malo akale."

Ndinabwerera ndi mutu waukulu. Masiku otsatira ndinayesa kuima pa Khomo n'kutambasula manja, koma akazi ankangondidutsa m'khwapa akuseka, ena kundipatsa moni. Mvula inali pafupi, aliyense akufuna matumba ake.

Mwayi, ngati ndi mwayi, unabwera ndi maliro. Kunamwalira munthu wamkulu kutsidya kwa msewu, mudzi wonse unapita kukagona konko. Ine ndinati m'mimba mwanditsegula. Atangochoka ndinabwereka ngolo kumudzi wina, n'kuyamba kututa njerwa za amayi anu. Ndinalowa m'kati monse mwa Mauna ndikufuula, kuopa kutsekera munthu. Kenako ndinamanga khoma pa Khomo, lochindikala, ndi dothi la pachulu, n'kusiya mpata m'mwamba woti mileme izidutsa, poti iyo inalibe mlandu. Pomaliza ndinalipaka laimu. Ndinkawadziwa anthu a kwathu: khoma lofiira ndi la munthu, khoma loyera ndi la boma. Pobwera kumaliro anapeza ndakhala patsogolo pake nditavala yunifolomu ndi chipewa cholimba chija. Sindinanene kuti wandimangitsa ndani. Iwonso sanafunse.

Amayi anu okha ndiwo anapita kuuvuni. Anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana phulusa. Madzulo anandiikira chakudya monga mwa masiku onse, ndipo sanandiulule kwa munthu.

Chaka cha chimanga chachikasu

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho, ngati yochita kutitonza. Anthu anabzala opanda chothira. Chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, n'kusanduka chikasu. Ndikamadutsa m'minda anthu ankasiya kulima n'kundiyang'ana, koma ankati ndi wotumidwa chabe. Ine m'mawa uliwonse ndinkaika khutu pakhoma kumvetsera. Ndinkadziwa kuti mvula ikalowa m'ming'alu denga ligwa, anthu amva kugunda, abwera kudzandigwira chanza. Ndinali nditakonza kale mawu odzichepetsa oti ndidzayankhe.

Kunali zii.

Chimanga chitayamba kumasula ngayaye zopanda kanthu, a Matola anatulukira ndi basi yodzaza ana asukulu ndi aphunzitsi awo. Anatsika, naona khoma. Anthu a m'mudzi anasonkhana.

"Bwana," anatero a Kasiyano atavula chipewa, "tikupempha boma litichotsere khomali. Ana akufa."

"Boma liti?" anatero a Matola. "Ife tilibe ndi thumba limodzi la simenti, tingamange khoma? Damiyano, ichi n'chiyani?"

A Kasiyano anayandikira, nakanda laimu ndi chikhadabo, naona kufiira. Anatembenukira kwa amayi anu. Amayi anu anayang'ana pansi.

A Matola anandivula chipewa pamaso pa ana asukulu n'kundiuza kuti ndapuma pantchito kuyambira pomwepo. Khomalo linagwetsedwa dzuwa lisanalowe. Koma nthawi yothira inali itapita. Chaka chimenecho nkhokwe zinakhala zogonamo nkhuku. Anthu anadya gaga ndi mango owiritsa, ena anagulitsa mbuzi pamtengo wa nkhuku. Tiyamike anatupa mapazi, tsitsi linafiira, ndipo Esinati unakhala naye kuchipatala mwezi wathunthu akudya chiponde. Anachira. Ana ena awiri a m'mudzimo sanachire. Sindikudziwa ngati chinali chimanga kapena malungo. Makolo awo ankadziwa.

Pa nkhani imeneyi ndilibe nthabwala.

A Kasiyano anaitanitsa ankhoswe anga kuchokera kwa Kawinga. Tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo a Kasiyano anayankhula mosakweza mawu.

"Tinamupatsa munda. Tinamupatsa mlongo wathu. Iye watitsekera chakudya ndi njerwa za mlongo wathu yemweyo, pa tsiku la maliro amene anawathawa. Akuti amatipulumutsa. Chabwino. Denga lija lagwa?"

Ankhoswe anga anandiyang'ana.

"Silinagwe," ndinatero.

"Mkamwini uyu wakula mwendo. Mutengeni."

Mawu omaliza anali a amayi anu. Ndinkaganiza kuti alira, kapena anditukwana. Anangopinda malaya anga bwinobwino, naika m'chikwama pamodzi ndi kolona yanga, nandiperekeza mpaka pamsewu. Chitsulo cha a Saidi ananyamula okha. Minibasi itaima anati, "Bambo a Esinati, ine sindikudziwa ngati munanama kapena ayi. Abale anga sangakuoneni pano denga lili chilili. Likadzagwa mudzabwere. Ndidzakutsegulirani ndekha."

Chaka chino

Papita zaka zambiri. Tiyamike tsopano ndi mayi wa ana. Ine ndili kuno kwa Kawinga, m'kanyumba ka malemu mlongo wanga, ndikulima chinangwa ndi bondo limodzi. Aliyense wochokera ku Balaka ndimamufunsa za mvula, za mitengo ya zinthu, kenako ndimafunsa ngati ku Phalula sikunamveke kugunda. Anthu anazolowera. Amandiyankha ndisanafunse.

Mwezi wathawu ndinati ndikadzionere ndekha ndisanafe. Ndinapeza Namileme atasintha: pali chikwangwani, pali kanyumba kogulitsira matikiti. Ndinalipira ngati mlendo aliyense, kulipira kuti ndilowe malo amene anandithyola bondo. Wotsogolera anali bambo wina wandevu, wovala chovala chowala ngati cha apolisi apamsewu, tochi yake ili pafoni. Sanandidziwe. Tinali gulu: aphunzitsi a ku Ntcheu, azungu awiri, ndi ine kumapeto.

Pa Khomo penipeni anatiimitsa natilozera mzere wa njerwa zotsalira pansi.

"Apa, alendo athu, ndi pa Khoma la Wamisala. Kale kunali mlonda wina amene mizimu ya m'phanga inamulowa m'mutu. Ankamva miyala ikuyankhula. Anatseka pano usiku umodzi wokha, ndi njerwa zokwana kumangira sukulu."

"Akuluakulu," ndinatero, "wamisalayo ali kuti pano?"

"Anamwalira, agogo. Anadzitsekera m'nyumba yake ku Machinga, anaiwala kusiya khomo."

Ananena molimba mtima, atavala yunifolomu, moti ndinatsala pang'ono kukhulupirira.

Tinadutsa Khosi, tinafika mu Tchalitchi. Pansi patsika koposa kale. Mizati ina palibe, anthu anakachita nkhuni. Wandevuyo anazimitsa foni kuti tilawe mdima, ndipo mumdimamo ndinamva mbuzi ya a Saidi ikulowa Kwa Apongozi, koma tsopano inakatulukira ku Nampula ili ndi ana asanu ndi chiphaso choyendera. Chimenechi chinandipweteka. Munthu azinena zoona.

Ena atatsogola ndinatsalira, ndinakwera pamwala wanga uja, n'kugogoda denga ndi ndodo.

Phu.

Mawu omwe aja, osakula, osachepa. Kafumbi kanatsika. Pambali pa mwalawo panali matumba odzaza zitosi, omangidwa bwino kudikira eni ake, ndi patapata mmodzi wa mwana.

Nditatuluka ndinalowera kumudzi. Njerwa zija ndinazipeza: a Kasiyano anamangira bafa. Iwo anali pakhonde, atandiona analowa m'nyumba. Amayi anu anali kuseri kwa nyumba yomwe ija ya zidina, akupeta. Tsitsi lawo layera. Anandiyang'ana, anandiyalira mkeka, anandipatsa madzi atagwada monga kale. Tinafunsana za moyo, za Pawulo ku Lilongwe, za bondo. Kenako anafunsa okha.

"Mwalowamo?"

"Ndalowamo."

"Lagwa?"

"Silinagwe."

Anagwedeza mutu, napitiriza kupeta.

"Likulira bwanji?"

"Chimodzimodzi."

Anaika lichero pansi. "Tiyamike amalowa m'mawa uliwonse," anatero. "Iye ndi ana ake. Akuti Kwa Apongozi ndiye kwatsala zambiri." Anadzuka, nandimangira chimanga m'kansalu, chimanga chonenepa cha ku Mauna, n'kuti ndifulumire minibasi zisanathe. Ulendo uno sanandiperekeze. Miyendo, akuti.

Ndiye ana anga, mbiri ya ntchito yanga ndi imeneyi. Mwina dengalo lidzagwa mawa, mwina lidzaona adzukulu a adzukulu anu. A Saidi sanandiuze kuti phu amatenga zaka zingati. Zaka zoyamba kuno ndinkati ndikagwira kolona ija ndinkapempha kuti ligwe, ndibwerere kwathu, amayi anu anditsegulire okha monga ananenera. Koma ndikangotseka maso ndinkaona amene ali pansi pake. Ndiye ndinasintha. Tsiku lililonse ndimagwada ndi bondo langa labwinolo n'kupempha kuti lisagwe, ndikhale wamisala mpaka kufa, ndifere kuno.

Pa zonse zimene ndinapemphapo Mulungu m'moyo wanga, palafini, mabatire, simenti, nyumba ya njerwa, pemphero limeneli lokha ndi limene akundiyankha. Sanaphonyepo ndi tsiku limodzi.